NYENYEZI ZAKUGWA NDI UMBONI WA MIDZI IWIRI

M'nyengo ya cilimwe, pamene mitambo yacoka ndipo anthu acedwa panja kuceza atadya nsima ya madzulo, nthawi zina kuoneka cinthu coopsa kumwamba. Moto waukuru udutsa m'thambo mofulumira, woyera kapena wobiriwira, ndi mcira wace pambuyo. Uwalitsa bwalo lonse monga usana, kotero kuti nkhokwe ndi mitengo zioneka ndi mithunzi yao. Ndipo munthu asanathe kuitana mnzace, wazima. Nthawi zina, patapita kanthawi, kumveka kugunda konga kwa bingu, ngakhale kulibe mtambo. Agaru auwa, ana athawira m'nyumba, ndipo akuru apenyana osanena kanthu.

M'mawa nkhani iyenda. A mudzi uno ati motowo unagwa kuseri kwa phiri, kumene kuli mudzi wa anzao. A kuseri kwa phiri akana, nati unapitirira pamwamba pao nukagwa kudambo la kutsidya. A kudambo aloza kutsogolo ndithu. Palibe mudzi ubvomera kuti unagwa kwao, koma onse atsimikiza kuti unagwa pafupi. Pamenepo ena ati mfumu yamwalira kwina. Ena ati ndi mfiti zinalikuuluka. Ndipo munthu akadwala m'sabata lomwelo, cala ciloza nkhalamba ya kumapeto kwa mudzi, kumene moto unaoneka ngati watsikira. Motero abale adana, ndipo wokalamba akhoza kupitikitsidwa pamudzi pace cifukwa ca cinthu cimene sicinayandikire mudziwo ndi pang'ono pomwe.

Phunziro ili lionetsa cimene moto wotere uli, ndi cifukwa cace munthu mmodzi, ngakhale wa maso akuthwa ndi wosanama, sakhoza kudziwa kumene unapita. Lionetsanso umo anthu wamba, popenya ali m'malo osiyana ndi kulinganiza umboni wao, anapezera zoona zimene anzeru ambiri anazikana poyamba.

CIMENE CIGWA NCIANI?

Nyenyezi yakugwa si nyenyezi ai. Nyenyezi zenizeni ndizo madzuwa akuru onga dzuwa lino, ndipo zioneka zazing'ono cifukwa ziri kutali kwambiri. Kuunika kocokera ku nyenyezi imene iri pafupi ndi dzuwa koposa zinzace zonse kuyenda zaka zinai ndi miyezi kuti kufike kuno. Munthu akapenya Nsangwe, kapena nyenyezi zitatu za Akamwiniatsatana, moto uja utapita, adzazipeza zonse ziri m'malo mwao. Salmo 147:4 ndi Yesaya 40:26 aphunzitsa kuti Mlengi adziwa ciwerengo ca nyenyezi, ndi kuti ziri m'manja mwace zonse.

Cimene cioneka ndico mwala. M'danga lalikuru la pakati pa dzuwa ndi maiko olizungulira muli miyala ndi pfumbi zosawerengeka, zimene nazonso zizungulira dzuwa. Dziko lapansi, poyenda m'njira yace, likomana nazo usana ndi usiku. Zilowa m'mpweya wokuta dziko ndi liwiro la makilomita 11 kufikira 72 pa sekondi imodzi. Mwala wothamanga makilomita 30 pa sekondi ungathe ulendo wa ku Chipata kufika ku Lusaka m'masekondi osakwana 20. Pa liwiro lotere mpweya wa patsogolo pa mwala upanikizika nutentha kwambiri. Kunja kwa mwala kusungunuka nikusanduka nthunzi, ndipo nthunziyo pamodzi ndi mpweya ziwala. Kuwalako ndiko anthu akucha nyenyezi yakugwa.

Zambiri zimene zioneka usiku uli wonse zicokera ku timiyala tonga mcenga kapena njere ya mapira, ndipo titha tonse kumwamba, pakati pa makilomita 120 ndi 80 kucokera pansi. Moto wowala kupambana Nthanda ucokera ku mwala wokulirapo, kuyambira wonga nshawa kufikira wonga dzungu kapena woposa pamenepo. Miyala yaikuru ndi yolimba yokha ndiyo itsika kwambiri. Ikafika makilomita ngati 20 kucokera pansi, mpweya wocindikala uicepetsa liwiro, moto uzima, ndipo zotsala zigwa mumdima monga mwala uli wonse. Cifukwa cace munthu amene ayesa kuti anaona moto ulikugunda pansi kuseri kwa phiri anaona moto umene unabisika ndi phirilo uli kumwamba ndi kutali.

CIFUKWA CACE MBONI IMODZI INYENGEDWA

Usiku diso liuza munthu mbali imene kuunika kuli, koma silimuuza kutalika kwace. Nyali yaing'ono ya pafupi ndi moto waukuru wa kutali zioneka zofanana. Usana munthu adziwa kutalika kwa zinthu za pafupi cifukwa ali ndi maso awiri. Akatambasula dzanja, naimika cala, natsinzina diso limodzi, kenaka linzace, aona cala cilikudumpha uku ndi uku patsogolo pa mitengo ya kutali. Cinthu ca pafupi cidumpha kwambiri, ca kutali cidumpha pang'ono. Koma maso a munthu ali oyandikana, ndipo pa cinthu cokhala makilomita 100 kutali awiriwo angokhala ngati diso limodzi. Pafunika maso otalikirana makilomita ambiri. Midzi iwiri ikhoza kukhala maso amenewo.

Ciyerekezo ndi ici. Kucokera ku Chipata kufika ku Petauke, poyesa molunjika osatsata kukhota kwa mseu, pali makilomita ngati 160, ndipo Katete ali pafupi ndi pakati pace. Usiku wina moto uwala. Mphunzitsi wa ku Chipata auona cakumadzulo, kumbali ya Petauke, utakwera theka la mtunda wa pakati pa malekezero a thambo ndi pamwamba pa mutu. Mlimi wa ku Petauke auona nthawi yomweyo cakum'mawa, kumbali ya Chipata, utakwera momwemo. Mai wa ku Katete ati unali pamutu pace penipeni. Wosadziwa angayese kuti awiri mwa atatuwa anama, pakuti wina aloza kumadzulo, wina kum'mawa, wina kumwamba. Koma onse anena zoona, ndipo kusiyana kwa mau ao ndiko kubvumbula cobisika.

Mwana wa sukulu akhoza kucionetsa pa pepala. Alembe mzere wa masentimita 16, ukhale m'malo mwa makilomita 160 aja. Pa nsonga zace ziwiri aturutse mizere iwiri yokwera, yopendekera m'kati monga umo mboni ziwiri zinalozera. Mizereyo idzakomana pamwamba pa pakati, monga mapaso awiri akomana pa nsonga ya denga. Akayesa ndi rula kucokera pokomanapo kufika pa mzere wa pansi, adzapeza masentimita 8. Ndiko kunena kuti moto unali makilomita 80 pamwamba pa Katete. Ndege zazikuru zonyamula anthu ziuluka makilomita ngati 11 okha.

Moto wokhala pamwamba potero uoneka m'dera lalikuru ndithu. Womwewo angauone a ku Lundazi, a ku Lilongwe ndi a ku Tete, ndipo kwa iwo uoneka wotsika, pafupi ndi nsonga za mitengo. Yense wa iwo adzati unagwa kuseri kwa phiri la kwao. Akale anati mutu umodzi susenza denga. Momwemo mudzi umodzi sukhoza kudziwa njira ya nyenyezi yakugwa.

ANYAMATA AWIRI A KU GÖTTINGEN

Oyamba kuyesa nyenyezi zakugwa mwa njira imeneyi anali ophunzira awiri a pa yunivesite ya Göttingen m'dziko la Germany, Heinrich Wilhelm Brandes ndi Johann Friedrich Benzenberg, onse a zaka 21. Masiku amenewo anzeru ambiri anayesa kuti nyenyezi zakugwa ndi nthunzi zoyaka m'mpweya wa pafupi, zonga mphezi. Mphunzitsi wao, Georg Christoph Lichtenberg, anawalimbikitsa kuti aturuke panja nayese okha.

M'caka ca 1798, kuyambira mwezi wa Sepitembala kufikira Novembala, anyamatawo anagonera kunja usiku wambiri wozizira, wina pamalo pace, wina pamalo pace, potalikirana makilomita ngati 15. Analibe makina ena koma koloko, nyali ndi mapepala ojambulidwa nyenyezi. Yense analemba nthawi ya nyenyezi yakugwa iri yonse, ndi njira imene inapita pakati pa nyenyezi zenizeni. Onse pamodzi analemba 402. Polinganiza zolemba zao, anapeza 22 zokha zimene anatsimikiza kuti anaziona onse awiri nthawi imodzi. Zina zonse anazisiya, osazikakamiza kuti zigwirizane. Pa 22 zimenezo anawerengera kutalika, napeza kuti zambiri zinali pamwamba koposa mitambo ndi mphezi, zina koposa makilomita 100.

Popeza malo ao anali oyandikana, ziwerengo zina zinali zolakwika, ndipo m'caka ca 1823 Brandes anabwereza nchitoyo ndi athandizi ambiri okhala m'mizinda yotalikirana. Njira yao ndiyo igwira nchito kufikira lero. Anyamatawo anaona zimene anthu onse anaziona kuyambira kale. Anasiyana ndi ena m'kudekha kwao, ndi m'kusafuna kukhulupirira maso a mmodzi yekha.

UMBONI WA ANTHU A M'MIDZI

Panatsala funso lina: kodi miyala ingagwe kucokera kumwamba? M'caka ca 1794 Ernst Chladni, wa ku Germany, analemba buku lonena kuti itero, koma anzeru ambiri anamseka, nati zimenezo ndi nthano za alimi osaphunzira. Tsono pa 26 Epulo 1803, usana, moto unaoneka pamwamba pa L'Aigle m'dziko la France, kunamveka kugunda kwakukuru, ndipo miyala ngati 3,000 inagwa m'minda. Patapita miyezi iwiri Boma linatuma mnyamata wophunzira, Jean-Baptiste Biot, kukafufuza. Iye anayenda mudzi ndi mudzi, nafunsa alimi, akazi, ana, asilikari ndi ansembe. Anapeza kuti anthu a midzi yosiyana, amene sanapangane, ananena zogwirizana za tsiku, nthawi ndi mbali imene phokoso linacokera. Anaonanso kuti miyalayo inali yosiyana ndi miyala yonse ya m'dzikomo, ndi kuti inagwa m'dera limodzi la makilomita ngati 10 m'litali. Kuyambira pamenepo anzeru analeka kukana. Mau a alimi anaima cifukwa anali ambiri, ocokera m'malo osiyana, ndipo anayesedwa.

Usiku wa pa 12 kuca wa pa 13 Novembala 1833, ku North America nyenyezi zakugwa zinaoneka zikwi zambirimbiri kufikira m'bandakuca. Anthu ambiri anagwada napfuula, poyesa kuti tsiku la ciweruzo lafika. Koma Denison Olmsted, mphunzitsi wa pa Yale, analemba m'nyuzipepala kupempha onse amene anaona kuti amtumizire makalata. Makalata anadza ocokera m'mizinda yotalikirana. Powalinganiza anapeza kuti zonse zinaoneka ngati zituruka pa malo amodzi a thambo, m'gulu la nyenyezi lochedwa Leo, ndi kuti malowo anayenda pamodzi ndi nyenyezi usikuwo. Motero anadziwa kuti zinacokera kunja kwa mpweya wa dziko. Pambuyo pace kunadziwika kuti ndi pfumbi losiyidwa ndi nyenyezi ya mcira yochedwa Tempel-Tuttle, imene izungulira dzuwa zaka 33 ziri zonse. Ndipo zinabweranso zocuruka m'caka ca 1866 ndi ca 1966.

MAKAMERA A M'MALO OSIYANA

Pa 7 Epulo 1959 makamera oikidwa m'malo awiri otalikirana makilomita ngati 40, m'dziko limene linachedwa Czechoslovakia, anajambula moto umodzi. Pafupi ndi mzinda wa Příbram panapezeka miyala inai. Mwa zithunzi za malo awiriwo Zdeněk Ceplecha anawerengera njira yonse ya mwalawo, napeza kuti poyenda kuzungulira dzuwa unafika ku dera la miyala yambiri la pakati pa maiko a Mars ndi Jupiter. Aka kanali koyamba kuti anthu agwire m'manja mwala umene njira yace ya kumwamba inadziwika.

Pa 15 Febuluwale 2013, m'mawa, mwala wa mamita ngati 20 unaphulika makilomita ngati 30 pamwamba pa dera la Chelyabinsk ku Russia. Anthu wamba ambiri anaujambula ndi makamera a m'magalimoto ao, ali m'mizinda yosiyana, ndipo mwa zithunzizo njira yace inapezeka. Anthu ngati 1,500 anabvulala, ambiri ndi magalasi osweka. Pakuti ataona kuwala anathamangira kumazenera kukapenya, ndipo kugunda kunafika patapita mphindi ngati ziwiri, nikuswa mazenerawo.

Pa 2 Juni 2018 openya nyenyezi a ku Arizona, ku America, anaona mwala wosaposa mamita awiri ulikudza. Patapita maola ngati 8, madzulo a tsiku lomwelo, unaphulika pamwamba pa Botswana, ndipo anthu anauona ngakhale ku South Africa. Ofufuza anatenga zithunzi za makamera olondera nyumba a ku Rakops ndi ku Maun, nalinganiza mbali zimene makamerawo anapenya. Pa 23 Juni, atayenda pansi masiku angapo pamodzi ndi alonda a nyama m'nkhalango ya Central Kalahari, anatola kamwala ka magalamu 18. Pambuyo pace inapezeka ina yoposa 20. Kamera imodzi yokha siikadatha kuwatsogolera ku kamwala kotere m'cipululu cacikuru.

Zotere sizicitika kutali kokha. Pa 5 Okutobala 1950 miyala inagwa m'midzi ya pafupi ndi Monze, ndipo pa 22 Januwale 1981 mwala wa makilogalamu 93 unagwa ku Machinga m'Malawi. Ku Mbozi m'Tanzania, pafupi ndi malire a Zambia, kuli citsulo cacikuru cimene cinagwa kale lomwe, colemera matani ngati 16.

UMO MUNTHU ANGAKHALIRE MBONI YABWINO

Nchito imeneyi siifuna ndalama kapena maphunziro akuru. Ifuna maso, pensulo ndi mtima woona. Amene waona moto wowala kwambiri acite izi.

Coyamba, aime pomwe ali, naike cizindikiro pamene mapazi ace anali, ngakhale mwala kapena cikhomo. Akasuntha, mitengo ndi madenga zimene akadayesera nazo zisuntha nazonso.

Caciwiri, apenye nthawi pa wochi kapena pa foni, nalembe tsiku, ola ndi mphindi. Popanda nthawi palibe angadziwe ngati midzi iwiri inaona moto umodzi.

Cacitatu, akumbukire pamene moto unayambira ndi pamene unazimira, poyerekeza ndi zinthu zosasuntha: pamwamba pa mtengo wakuti, kumanzere kwa denga la sukulu, kumanja kwa phiri lakuti. Kukwera kwace ayese ndi nkhonya. Atambasule mkono wonse, nasanjike nkhonya pa nkhonya kuyambira pa malekezero a thambo. Nkhonya 9 zifika pamwamba pa mutu. M'mawa abwerere pa cizindikiro cija, najambule zonse pa pepala.

Cacinai, alembe masekondi amene motowo unakhala, maonekedwe ace, ngati unawala kupambana Nthanda kapena mwezi, ngati unasweka zidutswa, ndi ngati unasiya utsi. Nyenyezi yakugwa ikhala masekondi owerengeka. Moto woyenda pang'onopang'ono theka la mphindi kapena koposa, wosweka zidutswa zambiri zotsatana, kawirikawiri ndiwo zitsulo za makina amene anthu anaponya kumwamba, zirikubwerera.

Cacisanu, achere khutu mphindi zingapo, ali kutali ndi mazenera a magalasi. Kugunda kukamveka, alembe nthawi imene inapita. Phokoso liyenda kilomita imodzi m'masekondi atatu. Cotero kugunda kofika patapita mphindi ziwiri kwacokera makilomita 40.

Cacisanu ndi cimodzi, alembe zace yekha asanakambe ndi anzace. Anthu khumi akayamba kukambirana, m'mawa onse anena mau a mmodzi amene ali ndi pakamwa, ndipo mboni khumi zasanduka imodzi. Cimene sanacione alembe kuti sanacione.

Zolembazo azipereke kwa mphunzitsi kapena kwa mkuru wa mpingo, amene angazilinganize ndi za ku mipingo ya kutali. Mipingo iyenera nchitoyi bwino, pakuti iri yomwazika m'dziko lonse ndipo imvana. Kulinso bungwe la anthu wamba okonda kupenya kumwamba, International Meteor Organization, lokhazikitsidwa m'caka ca 1988, limene lilandira umboni wotere pa intaneti kucokera m'maiko onse, niliulinganiza.

Mwala wogwa kumene uli ndi khungu lakuda lopyapyala longa lopserera. M'kati mwace kawirikawiri ndi motuwa. Ulemera kupambana miyala yambiri ya msinkhu wace, ndipo yambiri ikokedwa ndi maginito. Zotsala za m'ng'anjo zakale ziri ndi mabowo ambiri, ndipo anthu azisokoneza nayo. Mwala wa kumwamba ulibe ululu, ulibenso mankhwala. Woupeza asautsuke kapena kuuswa. Aukulunge m'pepala loyera, nalembe malo ndi tsiku, nadziwitse a ofesi ya Boma yoona za miyala, Geological Survey, ku Lusaka.

NYENGO ZA CAKA

Moto waukuru udza tsiku liri lonse, osadziwitsa. Koma pali masiku amene nyenyezi zakugwa zicuruka caka ndi caka, cifukwa dziko lidutsa m'pfumbi lomwelo pa nthawi yomweyo. Pa 5 ndi 6 Meyi, m'bandakuca, zituruka cakum'mawa. Izi zioneka bwino m'maiko a kumwera kuno, ndipo ndi pfumbi la nyenyezi ya mcira ya Halley, imene inaoneka m'caka ca 1910 ndi ca 1986, ndipo idzabweranso m'caka ca 2061. Kumapeto kwa Julayi zioneka zina, zoturuka pamwamba usiku utapitirira pakati. Pa 12 ndi 13 Ogasiti zituruka cakumpoto, pansi. Pa 21 Okutobala zituruka pafupi ndi Akamwiniatsatana, ndipo nazonso ndi za Halley. Pa 17 Novembala zidza za Leo zija. Pa 13 ndi 14 Disembala zicuruka kwambiri, ngati mitambo ya dzinja ilola.

Zioneka zambiri kuyambira pakati pa usiku kufikira kuca, pakuti nthawi imeneyo mbali ya dziko imene munthu ali ipenya kutsogolo kumene dziko lirikupita. Mwezi wowala ubisa zazing'ono. Wofuna kupenya ayale mphasa kutali ndi moto ndi nyali, nagone cagada, nadikire; kuona maso a nkhono nkudekha. Masukulu awiri otalikirana akhoza kupangana usiku umodzi ndi ola limodzi, nacita monga anacitira anyamata a ku Göttingen.

CIMENE MKRISTU APHUNZIRAPO

Cinthu cimene tsiku lace lilembedwa m'kalendala caka cisanayambe sicikhoza kukhala nchito ya mfiti, kapena uthenga wa maliro a munthu wakuti. Pa Yeremiya 10:2 anthu a Mulungu aletsedwa kucita mantha ndi zooneka m'thambo monga acitira osamdziwa Iye. Za tsiku lomariza, Ambuye Yesu anaphunzitsa pa Mateyu 24:36 kuti lidziwika ndi Atate yekha. Amene anagwada mu 1833 anadzuka m'mawa napita ku minda yao. Kukonzeka kwa Mkristu ndi kwa masiku onse, moto uoneke kapena usaoneke.

Phunziro lalikuru ndi la umboni. Pa Deuteronomo 19:15 cilamulo ca Mose sicinalola kuti munthu atsutsidwe pa mau a mboni imodzi; panafunika ziwiri kapena zitatu, ndipo oweruza analamulidwa kufunsitsa bwino. Lamulolo licinjiriza munthu kwa mboni yonama, komanso kwa mboni yoona mtima imene inapenya ili pamalo amodzi. Munthu amene alumbira kuti moto unatsikira pa nyumba ya nkhalamba kapena sanama dala. Anaona mbali yeniyeni, koma analakwa kutalika ndi makilomita 100 kapena koposa. Akaneneza mnzace pa cifukwa cimeneci, wacimwira lamulo la pa Eksodo 20:16, ndipo misozi ya wosalakwayo iri pa iye.

Cotero moto ukaoneka ndipo mudzi wayamba kunong'ona, akuru a mpingo asakhale cete. Afunse yense payekha cimene anaona, natumize mau ku mpingo wa kutali kufunsa ngati nakonso unaoneka, ndi mbali iti. Yankho likafika, aliwerenge pamaso pa onse, ndi pamaso pa wonenezedwayo. Acitenso momwemo pa milandu ya munda, ya banja ndi ya cuma ca mpingo, pakuti m'menemonso munthu aona ciri conse ali pamalo pace.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi nyenyezi yakugwa ndi ciani, ndipo iwala pamwamba potani?
2. Cifukwa ninji midzi yotalikirana yonse iyesa kuti moto unagwa pafupi ndi kwao?
3. Mboni za ku Chipata, Petauke ndi Katete zinaloza mbali zosiyana. Zingakhale bwanji zoona zonse zitatu?
4. Brandes ndi Benzenberg anacita ciani ndi zolemba zimene sizinagwirizane?
5. Cifukwa ninji mboni iyenera kulemba zace isanakambe ndi anzace?
6. Mpingo ungacitenji kucinjiriza wokalamba wonenezedwa ufiti cifukwa ca moto wa kumwamba?